Chilundu Chimodzi, Anthu Awiri

Ayi, pamenepo umuuze kuti waphonya. Si kuti ophunzira ndi andalama ndiwo anali kukhulupirira kwambiri, iwo anali chabe ndi chovala cha pa Sabata. Lemba momwemo. Msuweni wako ameneyu wakhala ku Lusaka zaka zitatu zokha, lero akutumiza funso loti kodi kale anthu a sukulu ndi a malipiro anali kupita kutchalitchi kuposa ife a khasu, ati ndi za mayeso ake. Chabwino, ndimuyankha. Koma iwe usamandidule pakamwa, ndipo usakonze mawu anga kuti amveke ngati a pa wailesi. Akafuna zokonzakonza akafunse abusa.

Ine ndili kamtsikana, nkhondo yaikulu ija isanayambe, tchalitchi chathu ku Chiparamba chinali nyumba ya dothi yofolera udzu, yomweyo imene inali sukulu pakati pa mlungu. Belu linali khasu lakutha lopachika pa mtengo wa msuku. Aphunzitsi, amene analinso alaliki athu, akalimenya ndi mwala, anthu tinali kulowa monga momwe tinalili. Wina chikopa, wina nyanda, wina kansalu m'chiuno basi. Woseka mnzake panalibe, aseke ndani poti naye ali chimodzimodzi? Tonse pansi, amuna uku, akazi uku, nkhuku pakati. Chopereka chinali dzira, chinangwa, kapena zitsononkho ziwiri za chimanga chosatonola, ndipo amene analibe anali kungoyimba mokweza.

Zinthu zinayamba kupotoka anyamata oyamba aja atamaliza sukulu. Wina anakakhala kalaliki ku Boma, kumene mukuti Chipata masiku ano, ife tinali kunena kuti ku Foti Jemusoni. Wina mesenjala, wina kapitao pa famu ya fodya. Iwowa anakhomera mabenchi a matabwa kutsogolo, ati mabuluku awo akuda ndi dothi. Palibe analamula kuti benchi ndi ya wakutiwakuti, koma benchi inali kudziwa eni ake. Akazi awo nawonso anapeza yawo ku mbali ya akazi, ndi madilesi, ndi mabuku a nyimbo m'manja. Pa chopereka iwo anali kuponya ndalama m'mbale kuchokera m'mwamba kuti ilire, ife tikuika dzira mwaulemu kuti lisasweke.

Ndiye panali obwera ku Halale. Mwamuna akatsika ndi suti ndi nsapato, Sabata yoyamba anali kufika belu lisanalire, koma n'kudzalowa pomaliza kuti nsapato zimveke. Miyezi itatu osajomba. Njala ikamugwira nagulitsa jekete, mapemphero atheranso pomwepo. Amalume anga ena chikhristu chawo chinatha tsiku limene mbuzi inatafuna kolala ya malaya awo atayanika pa mpanda. Lemba zimenezo, msuweni wako awawerengere pa ophunzira, poti amalumewo anali odziwa kulemba dzina lawo.

Tsono pamene ena avala, osavala amaoneka. Mayi wina wamasiye, woyimba bwino kuposa tonse, anabwera tsiku lina atavala chiguduli cha mchere, chochapa bwinobwino. Kumbuyo kwake kunali zilembo, iye osadziwa. Ana a sukulu anayamba kuziwerenga mokweza, chimodzichimodzi, monga anawaphunzitsira, a pa benchi n'kumatsokomola kuti abise phwete. Mayi uja anatuluka nyimbo ili pakati ndipo sanapondenso. Aphunzitsi anati wabwerera m'mbuyo. Komatu ife tinali kumumva kudimba akuyimba nyimbo zomwezo, mavesi onse, osadumpha.

Nkhondo itabwera, nsalu inasowa m'masitolo. Ungagwade bwanji kwa mwenye, anali kungokuonetsa mashelefu opanda kanthu. Ine n'kuti nditangokwatiwa ndi agogo ako aamuna, ndipo chaka chisanathe anapita ku usilikali. Akulu anga, amene ndinawaponda pamutu, amuna awo anali atatchona ku Halale, ngakhale kalata. Tinali kukhala pa amayi tonse awiri, ndipo nsalu yoti n'kuonekera nayo pa anthu inali imodzi, chilundu cha biriwita chimene agogo ako anandisiyira. Zotsalazo zinali sanza zopitira kumunda, zoti usanawerame uyambe wayang'ana kumbuyo.

Tonse awiri tinali a kalasi. Kalasi ndiyo inali njira ya ku ubatizo, sizinali za masiku ano zongokweza dzanja ayi. Unali kukhalamo zaka, Sabata iliyonse m'mawa mapemphero asanayambe, kuloweza mafunso ndi mayankho ake. Aphunzitsi anali ndi kaundula wa chikuto chakuda. Akaitana dzina lako iwe kulibe, kamtanda. Timitanda tikachuluka anali kukufafaniza, ukayambirenso pansi ndi ana. Ndipo kamodzi pa chaka kunali kubwera abusa achizungu kuchokera ku mishoni kudzayesa amene akhwima.

Akulu anga ubatizo anali kuufuna, koma osati mwaphuma. Waphuma ndinali ine. Agogo ako anali obatizidwa kale, ofika Sitandade yachiwiri, ndipo apongozi anga sanakondwe kuti mwana wawo wodziwa kuwerenga watenga wakunja. Mawu amenewo anali kuwanena ine ndili pomwepo, akuswa mtedza, ngati akukamba za mvula. Anali ndi wawo amene anamuika pamtima, mng'ono wake wa mkazi wa kalaliki uja, mtsikana wa dilesi, wowerenga ngati madzi. Ankati mwana wawo akadzabwera ku nkhondo adzamanga ukwati wa m'tchalitchi, ndipo m'tchalitchi samangitsa wosabatizidwa. Ndiye ine ndinati zivute zitani, mwamuna ameneyu adzandipeze madzi atagwa kale pamutu.

Poyamba tinali kusinthana masabata, ino ine, yamawa akulu anga. Timitanda tinayamba kumera m'kaundula ngati bowa. Aphunzitsi anandiimika pakhomo kundiuza kuti mtima wanga uli pawiri, Sabata inayo anaimika akulu anga kuwauza zomwezo. Nanga ukanamuuza mwamuna, mwini buluku ndi lamba, kuti bambo, tilibe chovala? Kunali bwino kufafanizidwa. Ndiye akulu anga, amene mutu wawo unali kuthamanga kuposa wanga, anapeza nzeru ya chulu.

Kuseri kwa tchalitchi, chakumunsi, kunali chulu chachikulu chomera zitsamba. Tinali kulawira tonse, kudzera m'minda, ine m'sanza, iwo m'chilundu. Ine ndikhale kuseri kwa chulu. Iwo alowe, ayankhe dzina lawo, akhale pang'ono, kenaka adzuke atagwira pamimba ngati akupita kuthengo. Akafika pa chulu, kuvula msangamsanga, ine kumanga chilundu chikali chofunda, n'kuthamangira kukalowa ndikupuma wefuwefu. Kalasi ikatha ndinali kupita kwa aphunzitsi kuti ndabweratu, ndinangochedwa, iwo n'kufufuta kamtanda ndi malovu pa chala akupukusa mutu.

Mudzi wonse unadziwa kuti pa banja lathu wamkulu ali ndi m'mimba mosagwira, wamng'ono ndi mlesi wosadzuka. Azimayi achifundo anali kuwabweretsera akulu anga mizu yomwa. Anamwa ndithu, akanatani. Aphunzitsi anali kutipereka chitsanzo, ati onani akazi a pa benchi, sukulu inawaphunzitsa kusunga nthawi, koma osaphunzirawa, wina amathawa Mawu, wina Mawu amamuthawa. Vuto lina linali loti aliyense anali kumva theka la phunziro. Malamulo khumi aja, akulu anga anagwira asanu oyamba, ine asanu otsiriza, ndiye tinali kukawalumikiza pamtondo, munsi wawo ukutsika akunena lawo, wanga ukutsika ndikunena langa. Chaka ndi miyezi tinayenda choncho, mvula ndi dzuwa, linthumbu likutiluma kuchulu. Mpaka lero ndikamva nyimbo yotsegulira kalasi miyendo imandiyabwa.

Mwayi wake, kamtanda kofufuta sikanali kuwerengedwa. Atayandikira kubwera abusa, aphunzitsi anatchula mayina a oyenera kuyesedwa, ndipo tonse awiri tinalimo. Ndinasangalala mpaka pamene anawonjeza kuti oyesedwa onse akhale m'tchalitchi pamodzi, kuyambira m'mawa mpaka abusa atamaliza, wotuluka watuluka. Apo chulu chinali chitatha ntchito. Kubwereka m'mudzi kunali kosatheka, aliyense wokhala ndi nsalu anali kufuna kudzaonera mzungu tsiku limenelo.

Koma ine ndinali ndi mnzanga ku Boma. Masiku ena ndinali kusenza nkhuku ndi masamba kukagulitsa kumeneko, ndipo wondigula weniweni anali mkazi wa telala wina amene anali kusoka pa khonde la sitolo ya mwenye. Anali Asilamu, Ayao ochokera ku Nyasalande. Nkhuku anali kuifuna yamoyo kuti akazinge okha mwa mwambo wawo, ndipo anali kuipima m'dzanja kwinaku akundinyoza kuti nkhuku zanga ndimazidyetsa mphepo. Mayi wapakamwa ngati ine ndemwe, n'chifukwa chake tinagwirizana. Mwamuna wake sanaponde sukulu ya mishoni, koma anali ndi makina awiri, ndipo Lachisanu masana anali kuvindikira makina, ngakhale mzungu aime pomwepo ndi buluku long'ambika, iye ulendo ku mzikiti. Ameneyo umuikenso, msuweni wako aone yekha pomukhazika.

Ndinamufotokozera zonse, za chulu zomwe. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka analowa m'nyumba, ndikumva bokosi la chitsulo likulira. Anatuluka ndi dilesi. Mdzukulu wanga, dilesi limenelo usalilembe mothamanga. La maluwa ofiira, la manja, mabatani kuchokera pakhosi mpaka pamchombo, ndi mpango wake wa kumutu, lonse likununkhira lubani.

"Tenga," anatero, "koma usakalichape. Ndimakudziwani inu a kumudzi, mukalimenya pa mwala ngati lakulakwirani. Ndipo Mulungu wanuyo akafunsa, umuuze mwini wake, madalitso asasochere."

Kunyumba ndinati akulu ayambe ndiwo kuyesa, mwambo. Linafika m'mapewa n'kukana. Anapuma mokoka, amayi akukoka uku, ine uku, ayi ndithu. Ndiye dilesi linagwera ine, chilundu iwo. Ndinawapepesa ndi nkhope yachisoni kwambiri, mumtima ndikuvina.

Tsiku lija abusa anafika pa njinga, makutu atafiira ndi dzuwa, pamodzi ndi mkulu wa mpingo wochokera ku mishoni, munthu wosatidziwa ife. Aphunzitsi athu anali kalikiliki ndi tiyi wa abusa, ndiye ntchito yokhazika anthu inagwera mlendoyo. Dongosolo linali lotere: owerenga kutsogolo pa benchi, iwo ayesedwa ndi buku, osawerenga kumbuyo pa mphasa, iwo afunsidwa pakamwa. Mkulu uja sanali kufunsa munthu ayi, anali kungoyang'ana chovala ndi mapazi. Anga mapazi sanaoneke, poti mwini dilesi anali wamtali ndipo linali kusesa pansi. Anangonditambasulira dzanja, amvekere, "Mayi, inu kuno kutsogolo."

Apa ulembe bwino, ndisanamizire munthu. Ndinadziwa. Akulu anga anandikoka dilesi kumbuyo, ndipo ndikanangoti pepani bambo, ine ndine wa pa mphasa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma benchi imene ija ndinali nditaiyang'ana kuyambira ndili kamwana. Ndinati ndingolawa pang'ono, aphunzitsi akalowa andibweza. Ndinakhala. Thabwa lozizira bwino, miyendo ili lende, tchalitchi chonse chikuoneka china. Pa zenera ndinaona apongozi anga atatong'ola maso, ndipo ndinakonza mpango. Pafupi nane panali mtsikana wawo uja, nayenso anali woyesedwa tsiku lomwelo. Ananunkhiza kawiri, nandinong'oneza kuti kodi mwadzera ku mzikiti. Ndinamuyankha kuti fungo la sopo wabwino sangalidziwe aliyense.

Aphunzitsi sanalowe. Abusa anapemphera, natsegula buku, nalipereka kwa woyamba pa benchi kuti aliyense awerenge vesi n'kupatsira mnzake. Ndinati mwina pagwera pamene ndinaloweza, ndidzangoyendetsa chala n'kumanena za m'mutu. Ayi, anatsegula malo amene sindinawamvepo chibadwire, odzaza mayina a mafumu ovuta kutchula. Buku likubwera. Lachoka kwa woyamba, lachoka kwa wachiwiri. Mtsikana uja anawerenga yake osapunthwa ndi pamodzi pomwe, nandiikira buku m'manja ndi manja awiri, mwaulemu woti ukanamumenya nawo mbama, n'kundilozera ndi chala poyambira.

Ndinayang'ana. Nyerere zokhazokha. M'tchalitchi munali zii, moti ndinamva mbuzi ikutsokomola kunja. Ndipo pakamwa panga pano, pamene pandipulumutsa kambirimbiri, panandigulitsa.

"Abusa, maso. Akundiwawa kuyambira dzulo."

Mzungu uja anali wachifundo, ndicho chinandipha. Anadzuka, nandikweza chikope ndi chala, kuyang'ana diso ili, kuyang'ana ili. Anati m'Chinyanja chake cha m'mphuno kuti andilembera kalata ndikaonedwe ku chipatala ku Tamanda, naitanitsa aphunzitsi kuti afunse ngati mayi ameneyu amavutika maso kawirikawiri. Aphunzitsi analowa ndi ketulo m'manja. Atandiona pa benchi anaima ngati aponda minga. Anali munthu wa zonena zambiri, koma bodza analibe.

"Bambo, mayi uyu sawerenga."

Abusa anabwerera pa mpando wawo. Sanakalipe. Anangondifunsa motsitsa kuti ndinene lamulo lachisanu ndi chinayi. Iwe wa Sande sukulu ukulidziwa, lija loletsa bodza. Tsono limenelo linali m'theka langa. Ndinaimirira n'kulinena lonse, ndi tanthauzo lake lomwe, mawu ali mbee, osapunthwa. Akulu anga mpaka kumwalira kwawo ankati tsiku limenelo panalibe anayankha bwino kuposa ine.

"Mwayankha bwino kwambiri, mayi," anatero abusa. "Mubwerenso chaka chamawa."

Umuuzitse msuweni wako kuti sanandibweze chifukwa chosawerenga. A pa mphasa ambiri anakhoza. Akulu anga anafunsidwa malamulo oyamba, awo enieni, anangodutsa ngati akupita kumadzi. Mtsikana wa apongozi uja nayenso anakhoza. Wotsala pa benchi yonse ndinali ine, wovala bwino kuposa onse.

M'mawa mwake ndinabweza dilesi, losachapa monga anandiuzira. Mkazi wa telala anandimvetsera mpaka kumapeto, naseka moti mwamuna wake anaimitsa makina kubwera kudzaona ngati wina wafa. Atapeza mpweya anati, "Usadandaule mnzanga, dilesi langa lakhoza, walephera ndi iwe." Anandiphikira mpunga, ndinadya ndikulira, ndinamaliza mbale yonse.

Kumudzi dzina langa linasanduka la maso. Kuchitsime, kumaliro, paliponse, moni wake unali woti maso ali bwanji lero. Ana anali kunditsogolera ndi ndodo. Sabata yotsatira akulu anga anabatizidwa atavala chilundu chija, ine ndili kunyumba m'sanza ndikuwaphikira nkhuku, ndipo m'kaundula ndinalandira kamtanda. Apongozi sanachedwe, anapita kwa kalaliki kukalembetsa kalata ya kwa mwana wawo ku nkhondo, ndipo amene anaona anandiuza kuti inali mapepala atatu. Chaka chimenecho ndinaonda. Ndikamva kuti ku Boma kwatsika lole ya asilikali, ndinali kungoti basi, mwamuna wabwera, madzi pamutu palibe, ndipo akudziwa zonse.

Amene anandithandiza ndi akazi a aphunzitsi. Anabwera tsiku lina ngati akudzapempha moto, nakhala, nandifunsa kuti dilesi lija ndinalitenga kuti, nanga n'chifukwa chiyani. Kwa mkazi mnzako zimanenedwa. Ndinawauza za chilundu, za chulu, za mizu imene akulu anga anamwa popanda matenda. Sanaseke. Anangoti ha, n'kunyamuka, moto womwe anaiwala.

Aphunzitsi sananene kanthu kwa ine, ngakhale liwu limodzi, mpaka kusamuka kwawo. Koma patapita masabata awiri analengeza kuti kalasi ya azimayi izikhala Lachinayi masana pa mtengo wa mkuyu kufupi ndi madimba, aliyense abwere monga wachokera kumunda. Lachinayi loyamba anabwera ndi kampando ndi kaundula wawo, akuyembekeza anthu ake omwe aja. Anapeza mthunzi wonse wadzaza. Azimayi amene anawafafaniza kalekale, amene ankati abwerera m'mbuyo, onse ali pomwepo, ndi mayi wa chiguduli uja yemwe, atakhala patsogolo. Pocheza m'pamene tinadziwa kuti sitinali tokha, ena awiri a tsidya la mtsinje anali kusinthanira m'munda wa nzimbe, ndipo nyumba ina anali atatu pa nsalu imodzi. Aphunzitsi anaphunzitsa chaka chonse maso ali m'buku, osadzutsa mutu, poti zimene tinavala sizinali zoti mwamuna n'kuyang'ana. A madilesi sanali kubwera Lachinayi, ati kudimba kuli matope.

Abusa atabweranso, ndinalawira tambala atangotsika, n'kukakhala pa mphasa kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kuti wina asandisunthe. Chilundu chinali chitafika pa zigamba zinayi. Anandifunsa mafunso atatu, onse ndinayankha, theka la akulu anga lomwe. Pomaliza anandiyang'anitsitsa nafunsa ngati maso anachira. Ndinati anachira, abusa, tsopano amaona pokhala. Ndinabatizidwa Sabata yake, ndipo tsikulo anatsala kunyumba ndi akulu anga. Iwo sanaone ubatizo wanga, ine sindinaone wawo, chonsecho tchalitchi chili poti ukaitana munthu amva.

Agogo ako anabwera nkhondo itatha, patapita miyezi. Anandipeza pamtondo. Ndisanamalize ndi kuwapatsa madzi komwe, apongozi anatulukira, mtsikana wawo uja ali pambuyo atasenza thobwa. Tinakhala pa khonde tonse, anthu akuunjikana. Agogo ako anali ataonda, akulankhula pang'ono, ine osadziwa zimene zili mumtima mwawo. Anamasula chikwama chawo cha usilikali, natulutsa bulangete la amayi awo, natulutsa nsalu ziwiri zatsopano n'kuika pa miyendo panga. Kenaka anapisanso dzanja mpaka pansi, natulutsa kanthu kokulunga m'sokosi. Magalasi a maso, mbali imodzi opanda galasi.

"Ndinamva m'kalata kuti maso akuvuta," anatero, nkhope ili gwaa. "Tayesani awa, mwina muwerenga."

Khonde lonse linagwa ndi kuseka, kupatula anthu awiri. Ndinawavala pomwepo. Akuti kalata ija anaiwerengera anzawo onse m'hema, ndipo inawasangalatsa kuposa fodya. Thobwa lija anamwa, nathokoza mtsikanayo mwaulemu, kenaka anauza amayi awo kuti mawa akupita kwa aphunzitsi kukalembetsa ukwati, poti amva ku Boma kuti mkazi wawo anabatizidwa.

Tinamangitsa ukwati m'tchalitchi momwemo, ine ndi akulu anga aliyense nsalu yake, koyamba kulowa limodzi popanda chobwereka. Pambuyo pake agogo ako anagula njinga n'kuyamba kugula mtedza m'midzi, ndipo tsiku lopeza anthu pakhomo linali Sabata. Munthu wa Sitandade yachiwiri, wa nsapato ndi jekete, kutchalitchi anali kuoneka pa Khirisimasi ndi pa maliro. Ine wa pa mphasa ndinapita mpaka mawondo anakana. Koma usalembe kuti sanali kukhulupirira, poti sanadyepo osapemphera, ngakhale chimanga chootcha.

Zokhazo zimukwanira, azisanje yekha, ndiye wophunzira. Umuuzenso kuti akamabwera andigulire mafuta opaka m'mawondo, aja onunkha. Basi, pinda, uike mu envulopu. Adalaivala a basi aja anyamuka dzuwa likafika apo, thamanga ukawapatse m'manja. Tumiza tsopano, ndisanakumbuke zina.